Za Amene Aweta Nkhosa Pamodzi ndi Mbusa

Munthu akalawira m'mamawa tsiku Lamulungu, nayenda m'midzi ya ku Dowa, ku Ntcheu kapena ku Mulanje, nasuzumira m'nyumba zopemphereramo zimene zamwazikana m'mphepete mwa misewu ndi m'tsinde mwa mapiri, zina zofolera malata, zina zofolera udzu, adzapeza kuti m'nyumba zochuluka woimirira pamaso pa anthu si mbusa wovala kolala, kapena wansembe wovala mkanjo wa Misa, koma mlimi wa pamudzi pomwepo amene dzulo lake adali m'munda kubandira chimanga, kapena mphunzitsi wa pasukulu ya pulaimale, kapena mayi amene m'kati mwa sabata amagulitsa ndiwo pamsika. Akafunsa kumene kuli abusa, adzamuyankha mwaulemu kuti lero ali kunthambi ina kutsidya kwa mtsinje, ndi kuti kuno adzafika mwezi wamawa kudzabatiza ana ndi kudzagawa Mgonero. Koma nyimbo ziimbidwa ndithu, Mawu alalikidwa, odwala atchulidwa maina m'pemphero, ndipo anthu asanabalalike adziwitsidwa za maliro amene agwa kumudzi wakutiwakuti, ndi za amene apite kukagona kusiwa usiku womwewo.

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'Malawi mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndi kuti mwa anthu 100 alionse, 17 adali a mpingo wa Katolika ndipo 14 adali a CCAP, osawerengera a Anglican, a Seventh Day, a Baptist, a Pentekoste ndi a mipingo ina yambirimbiri. Aliyense wolingalira za unyinji wotere, nakumbukira kuti mbusa mmodzi wa kumudzi amayang'anira nyumba zopemphereramo zingapo, zina zotalikirana kotero kuti nyengo ya dzinja ngakhale njinga yamoto siifikako, adzaona yekha kuti nkhosa zimenezi zimadyetsedwa ndi manja ambiri: akulu a mpingo, atumiki, alaliki, akatekisi, alangizi, amayi a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano, ndi atsogoleri a milaga ndi miphakati. Ndipo chimene mbiri ya mipingo ya kwathu kuno itiphunzitsa ndi ichi, kuti mpingo umakula pamene otsogolera ake agawira anzawo katundu pamodzi ndi mawu pabwalo, ndipo umang'ambika pamene awasenzetsa katunduyo nawamana mawuwo.

Mwambo wakale

Ena aganiza kuti kugawana udindo mu mpingo kudadza chifukwa cha kuchepa kwa abusa kokha, monga ngati akulu ndi atumiki ali chigamba chosokerera pong'ambika, chimene chidzachotsedwe tsiku limene nsalu yatsopano idzapezeke. Koma wowerenga Malembo mofatsa adzaona kuti mwambowu ndi wakale kuposa mipingo yathu yonse. M'buku la Eksodo, pamutu 18, timva za Mose alikuweruza milandu ya Aisraele kuyambira m'mawa kufikira madzulo, anthu ali chiimire momzinga, mpaka mpongozi wake Yetero, wansembe wa ku Midyani, adamchenjeza kuti adzalefuka iye pamodzi ndi anthu omwewo, namlangiza kuti asankhe amuna oopa Mulungu ndi odana ndi chiphuphu, awaike oyang'anira magulu a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10, kuti milandu yaing'ono ithere kwa iwo, ndi yovuta yokha ifike kwa iye. Tione bwino apa kuti amunawo sadaikidwe kuti azingotola milandu ndi kukaitula pamapazi pa Mose. Adaikidwa kuti aziweruza. Ndipo pambuyo pake, pamene akulu 70 adalandira gawo la mzimu umene udali pa Mose, awiri a iwo, Eldadi ndi Medadi, nayamba kunenera m'chigono kutali ndi chihema, Yoswa adachita nsanje m'malo mwa mbuye wake, nafuna kuti aletsedwe. Koma Mose adakana, pakuti sadayese mphatso ya mnzake chinthu chomlanda ulemu.

Momwemonso m'Yerusalemu, pamene okhulupirira olankhula Chigriki adadandaula kuti amasiye awo alikuiwalika pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, atumwi sadadziunjikire ntchitoyo, ndiponso sadaloze okha oti aigwire, koma adaitana khamu lonse kuti lidzisankhire amuna asanu ndi awiri. Ndipo popeza onse osankhidwawo, kuyambira Stefano ndi Filipo kufikira Nikolao wa ku Antiokeya, ali ndi maina a Chigriki, ambiri akhulupirira kuti thumba lidaperekedwa m'manja mwa mbali yomwe idadandaulayo. Mlembi wa Machitidwe a Atumwi, atangotha kusimba zimenezi, atiuza kuti chiwerengero cha ophunzira chidachuluka kwambiri mumzindamo, ngati kuti afuna tione kuti chimodzi chidabala chinzake.

Patapita zaka mazana ambiri, mu 1541, John Calvin adakonza malamulo a mpingo wa mumzinda wa Geneva, naika maudindo anayi, a abusa, aphunzitsi, akulu ndi atumiki; ndipo abusa pamodzi ndi akulu 12 otengedwa mwa anthu wamba ankakhala pabwalo limodzi sabata ndi sabata kusamalira makhalidwe a mpingo. Dongosolo limeneli lidaolokera ku Scotland m'masiku a John Knox, cha m'ma 1560, ndiponso ku Netherlands, kumene lidachokera popita ku South Africa; ndipo njira ziwirizi ndizo lidadzera pofika kwathu, ina yotulukira ku Livingstonia ndi ku Blantyre, ina ku Mvera ndi ku Nkhoma. Makolo athu sadalione lachilendo kwenikweni, pakuti pamudzi wa Achewa mfumu siiweruza yokha: ili ndi nduna zake pabwalo, ukwati uli ndi ankhoswe ake, mbumba ili ndi mwini wake, chinamwali chili ndi anamkungwi ake, ndipo mfumu yozolowera kudula milandu isanamve aphungu ake imadzazindikira anthu atasamuka kukamanga mudzi wina. Amene adati mutu umodzi susenza denga adanena mawuwo asanamve dzina la Calvin.

Mapazi amene adafalitsa Uthenga

Tikamasimba za kudza kwa Chikhristu m'dziko muno, maina amene amafulumira kutuluka pakamwa ndi a Robert Laws, Alexander Hetherwick ndi William Murray, ndipo n'koyenera kuwakumbukira. Koma azungu a mishoni adali owerengeka, odwaladwala malungo, ndi omangika ndi ntchito za pasiteshoni, kotero kuti Uthenga udalowa m'midzi ndi mapazi a anthu akuda. Mishoni ya Livingstonia idafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo chaka chotsatira idalandira alaliki anayi a Chixhosa ochokera kusukulu ya Lovedale ku South Africa. Mmodzi wa iwo, William Koyi, amene ankatha kumvana ndi Angoni m'chilankhulo chofanana ndi chawo, ndiye adatsegula khomo la dziko la M'mbelwa, nakhala pakati pawo ku Njuyu kufikira imfa yake mu 1886. Mishoniyo itasamukira ku Bandawe mu 1881, malo akale a ku Cape Maclear adadzasiyidwa m'manja mwa Albert Namalambe, woyamba kubatizidwa pa mishoniyo, amene adasunga sukulu ndi mapemphero popanda mzungu womuyang'anira tsiku ndi tsiku.

Ku Blantyre, David Clement Scott, amene adafika mu 1881 namanga tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chili chiimire kufikira lero, adasankha anyamata asanu ndi awiri, nawaphunzitsa, nawaika kukhala atumiki m'zaka zoyambirira za m'ma 1890. Ndipo chimene chidakwiyitsa azungu ena, a m'maesiteti ndi ena a mishoni yomwe, n'chakuti sadawasunge ngati anyamata otumidwa, koma ankakhala nawo pansi kumva milandu ya Akhristu, nawatuma kukatsogolera ntchito kumalo atsopano. Mmodzi wa anyamatawo, Harry Kambwiri Matecheta, adakagwira ntchito pakati pa Angoni ku Nthumbi, m'dera la Ntcheu, ndipo mu 1911 iye ndi Stephen Kundecha adakhala abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre. M'chigawo cha pakati, kumene Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok adayamba ntchito ku Mvera mu 1889, mzati wa zonse udali mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi, amene m'mawa ankaphunzitsa ana kuwerenga, madzulo naphunzitsa a kalasi katekisimu, Lamulungu nalalikira, ndipo pakagwa zovuta pamudzi anthu ankagogoda pakhomo pake asanaganize za ulendo wa kusiteshoni.

Anthu oterewa ndiwo adaolotsanso mpingo malire a dziko. David Kaunda, bambo wa mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia, adachokera ku Livingstonia nakakhazikika ku Chinsali cha m'ma 1905 monga mphunzitsi ndi mlaliki, zaka zambiri asanadzozedwe ubusa. Lewis Bandawe adakagwira ntchito pakati pa Alomwe ku Mihecani, m'dziko la Mozambique, kuyambira mu 1913. Ndipo amuna a kuno amene adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi a ku Southern Rhodesia adayamba okha kusonkhana m'makomboni ndi kupemphera m'chilankhulo chawo, kufikira mishoni idatumiza Vlok ku Salisbury mu 1912 kuti akawasamalire. Mbewu imene amatchonawo adafesa ndiyo idakula nikhala Sinodi ya Harare, imene idalowa mu CCAP mu 1965.

Katundu wopanda mawu

Koma mbiri yomweyi ili ndi mbali yake yowawa, imene tiyenera kuiyang'ana osaphethira. Amishoni ambiri, ngakhale adali okonzeka kutuma munthu wakuda ulendo wa masiku ambiri kukatsegula sukulu, adazengereza kumpatsa mpando wofanana ndi wawo. Livingstonia idadikira kufikira 1914, ndiko kuti zaka 39 chifikire, isanadzoze abusa ake oyamba, Yesaya Zerenje Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya. Ku Nkhoma, Andreya Namkumba ndi Namoni Katengeza adadzozedwa mu 1925, patapita zaka 36 chiyambire ntchito ya ku Mvera. Ndipo mwa Akatolika, Cornelio Chitsulo, amene pambuyo pake adakhala episkopi woyamba wa Chimalawi ku Dedza, adalandira unsembe mu 1937. Ophunzira ankauzidwa kuti adekhe, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mwambi umenewu umakoma pakamwa pa wodikira, osati pakamwa pa womdikiritsa.

Zotsatira zake sizidachedwe kuoneka. Charles Domingo, mmodzi wa ophunzira anzeru koposa a ku Livingstonia, adamaliza maphunziro a ubusa, naloledwa kulalikira, nadikira kudzozedwa zaka ndi zaka, kufikira adatopa nachoka. Kwa Atonga, kumene anthu zikwizikwi ankakhala m'kalasi zaka zambiri kulindira ubatizo chifukwa oyesa ndi obatiza adali amishoni owerengeka okha, Elliot Kamwana adatulukira mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, nabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yochepa, boma lisanamgwire ndi kumchotsa m'dziko mu 1909. Ndipo ngakhale zifukwa za gulu limenelo zidali zambiri, chimodzi choonekeratu n'chakuti khomo la mpingo lidachepa chifukwa makiyi adali m'thumba limodzi. Mwasi yemwe, atatumikira zaka 19 monga mbusa, adatuluka mu 1933 nayambitsa mpingo wake, podandaula kuti ulamuliro weniweni udali ukadali m'manja mwa amishoni. Tisayese kuti matendawa adali a azungu okha, pakuti amatha kugwira mbusa wakuda, mneneri wa m'tauni, ngakhale mkulu wa mpingo wa kumudzi amene wakhala pampando zaka makumi awiri. Ndipo kalata yachitatu ya Yohane idatchula kale za Diotrefe, wokonda kukhala woyamba, amene ankatulutsa mu mpingo onse osamvera iye.

Miphakati ndi malimana

Mpingo wa Katolika, umene dongosolo lake lili la maepiskopi ndi ansembe, udafika pa mfundo yomweyi podzera njira ina. Kuyambira pamene ansembe a Montfort adafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, akatekisi ndiwo ankasunga nthambi za parishi, kuphunzitsa ofuna ubatizo, kutsogolera mapemphero popanda wansembe ndi kuika maliro. Koma Mkhristu wamba ankadziona ngati mlendo wodzalandira masakramenti kunyumba ya bambo mfumu. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, wa zaka za 1962 mpaka 1965, utakumbutsa kuti mpingo ndi anthu onse obatizidwa, maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, adakambirana za nkhaniyi ku Nairobi mu 1973, ndipo mu 1976 adagwirizana kuti kumanga timagulu ting'onoting'ono ta Akhristu oyandikana nyumba, timene kwathu kuno titchedwa miphakati kapena malimana, ndiko kukhale ntchito yoyamba ya ubusa m'madayosizi awo.

Mwa amene adatsogolera maganizo amenewa mudali Mmalawi, Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972, nachititsa sinodi yaing'ono ya dayosiziyo kuyambira 1973 kufikira 1975, imene zokambirana zake zidayambira m'midzi momwe, kukwera kuparishi, kufikira kudayosizi. Cholinga chake chidali chakuti mpingo wa pamudzi uzidzitumikira, uzidzifalitsa ndi kudzidalira wokha, osalindira wansembe wochokera kutali kapena thandizo la kunja kwa nyanja. Boma la nthawi imeneyo, limene silinkafuna kuti anthu azisonkhana ndi kusankha atsogoleri kunja kwa chipani, lidayang'ana timagulu timeneti ndi diso lokayika, ndipo mu 1976 episkopiyo adakakamizika kutuluka m'dziko, natula pansi udindo wake mu 1979. Koma chimene adabzala chidatsala. Ndipo lero Mkatolika wofuna kubatiza mwana, kumanga ukwati kapena kuimbiridwa pamaliro amayamba wafunsidwa mphakati kapena limana lake, chifukwa anthu a m'gululo ndiwo adziwa ngati amapemphera, ngati amapereka mtulo, ndi ngati amatuluka m'nyumba mnzake akaferedwa.

Ubusa wa khomo ndi khomo

Tsono tifunse chimene anthu amenewa amachita, chimene mbusa mmodzi sangathe ngakhale atakhala wachangu chotani. Mu mpingo wa CCAP, mkulu aliyense amapatsidwa dera lake, mabanja amene ayenera kuwadziwa maina ndi makomo. Iye ndiye ayamba kumva kuti uje wagonekedwa kuchipatala, kuti mwana wa uje waleka sukulu, kuti m'nyumba mwa uje simulikumveka mtendere. Iye ndiye aperekeza mbusa kukapereka Mgonero kwa nkhalamba imene siingathenso kuyenda, ndipo munthu akadulidwa chifukwa cha kulakwa, mkulu wabwino ndiye amabwerabwera pakhomo pake kufikira tsiku lobwezeredwa. Atumiki amasonkhanitsa zopereka ndi masika, nayang'anira osowa ndi amasiye. Kenaka onse amakumana pabwalo la mpingo, pamene mbusa amakhala wapampando, koma chigamulo chimatuluka mwa onse. Ndipo ngakhale kupresbitale ndi kusinodi, akulu amakhala pamodzi ndi abusa ndi kuponya nawo voti. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto: mikangano yambiri ya malire a minda, ya ngongole ndi ya m'banja imathera pakhonde la mkulu wa mpingo, mbusa osaimva n'komwe.

Sitinganene za ubusa wotere osatchula amayi, amene ali ochuluka m'mipando ya tchalitchi chilichonse, ndipo asenza gawo lalikulu la ntchitoyi kuyambira kale. Chigwirizano cha ku Nkhoma chidakhazikitsidwa mu 1940, ndipo pamodzi ndi Mvano ya ku Blantyre ndi Umanyano wa ku Livingstonia, ndi magulu a amayi a m'mipingo ina, chidapatsa akazi bwalo lawo lolalikirapo, kulangizana ndi kuyendetsa chuma chawo. Ndiwo amachezera odwala atanyamula ufa ndi nkhuni, ndiwo amachezera usiku wonse pamaliro ndi nyimbo, ndiwo amalangiza atsikana otha msinkhu ndi olowa m'banja. Ndipo m'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi adadzaza zipatala, odwala nabwezedwa kumudzi kuti akasamalidwe kunyumba, adali amayi omwewa, pamodzi ndi a m'miphakati, amene ankasambitsa ofooka ndi kulera ana otsala. Komabe kwa nthawi yaitali iwowa ndiwo adali chitsanzo chenicheni cha katundu wopanda mawu, pakuti ankagwira ntchito ya ubusa koma pabwalo loweruza sankakhalapo; ndipo padafika chaka cha 2000 kuti Sinodi ya Livingstonia idzoze mbusa wake woyamba wamkazi, Blantyre nitsatira mu 2001.

Apa ndipo pali chinsinsi cha kukula kwa mpingo, ngati tingachitche chinsinsi chinthu choonekera poyera. Munthu amalowa m'tchalitchi tsiku loyamba chifukwa wina womdziwa wamuitana, ndipo amakhalamo chifukwa wina adazindikira tsiku limene adajomba. Msonkhano wa chitsitsimutso ungadzaze bwalo la mpira, nupereka maina mazana a otembenuka mtima. Koma ngati palibe wowayendera sabata yotsatira, maina aja amatsala m'kope. John Wesley wa ku England adaziona zimenezi kalekale, pamene mu 1742 ku Bristol adagawa omtsatira m'magulu a anthu ngati 12, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake wamba woti aziona munthu aliyense kamodzi pa sabata. Magulu aja adayambira pa kusonkha ndalama zobwezera ngongole ya nyumba yopemphereramo, koma adasanduka msana wa mpingo wa Methodist. Kwathu kuno njira ya kukula ili yomweyo: mlaga ukula nukhala nyumba yopemphereramo, nyumbayo ikula nikhala mpingo woima pawokha woitana mbusa wake, ndipo m'masitepe onsewa otsogolera amakhala anthu a pamalopo. Madzi atupa ndi a m'njira.

Zoyenera kuchenjera nazo

Tisanamizane kuti pali atsogoleri ambiri pali mtendere nthawi zonse, pakuti anthu amati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo mipingo ina yaona zoona za mawuwa. Pali mabwalo a mpingo amene asanduka khoti lofufuza omwa mowa ndi otenga mimba, osakumbukira kuti akulu adaikidwa kuweta asanaikidwe kudula. Pali malo amene ukulu wa mpingo umagwera amene ali ndi sitolo kapena galimoto, kapena umangozungulira m'banja limodzi ngati ufumu. Pali akulu amene amamana mbusa malipiro ake kuti agonje, ndi abusa amene amaitana bwalo kuti lingovomereza zimene iwo agamula kale kunyumba. Ndiponso m'matauni mwabuka mautumiki amene mwini wake ndi munthu mmodzi, amene dzina, chuma ndi nyumba zonse zili m'manja mwake. Oterewa amatha kukula msanga, koma ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika, ndipo woyambitsayo akadwala, akagwa m'tchimo kapena akamwalira, nkhosa zimabalalika, kapena otsala amakokerana kukhoti chifukwa cha katundu.

Mankhwala ake sali achilendo, ndipo mipingo yambiri ili nawo kale m'mabuku a malamulo ake, chosowa ndi kuwatsata. Udindo wa aliyense udziwike malire ake, kuti msungichuma asakhale yemweyo wowerengera zopereka ndi wosainira yekha kubanki. Ndalama zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe poyera pamaso pa mpingo. Zisankho zichitike pa nthawi yake, ndipo wotsika pampando atsike ndi ulemu. Zimene munthu waulula kwa mkulu m'nyumba zisamveke kuchitsime. Achinyamata apatsidwe ntchito yeniyeni akali ndi mphamvu, osati kusesa pabwalo ndi kuimba kwaya kokha. Koposa zonse, otsogolera wamba aphunzitsidwe, pakuti kupatsa munthu guwa osampatsa chiphunzitso ndiko kulakwira iye ndi omumvera omwe. Ndipo n'chifukwa chake makolo a mipingo yathu adamanga malo monga a Namoni Katengeza ku Chongoni, m'boma la Dedza, ndi a Chilema pafupi ndi Malosa, kumene Aanglican ndi a Sinodi ya Blantyre adagwirizana kuphunzitsira pamodzi Akhristu wamba. Mbusa wanzeru amawerengera nthawi imene wataya pophunzitsa akulu ake ngati yopindulitsa koposa ya maulaliki ambiri, pakuti mkulu mmodzi wophunzitsidwa bwino adzalowa m'makomo amene mbusayo sadzapondamo.

Koma mawu otsiriza ayenera kupita kwa ife a m'mipando, pakuti kugawana kumafuna wopereka ndi wolandira, ndipo abusa ena asenza okha chifukwa sadapeze wowalandira. Ambiri a ife tili akatswiri podandaula kuti abusa sadatiyendere tili m'chipatala, chikhalirecho ife sitidapondepo pakhomo la mnansi wathu wodwala. Tikatchulidwa dzina pachisankho timawiringula kuti tatanganidwa, kenaka n'kumanyogodola amene adavomera. Tsiku lowerenga za chuma timatuluka msanga, n'kumakanena kumbali kuti ndalama zadyedwa. Chifukwa chake, tsiku losankha akulu, atumiki kapena atsogoleri a mphakati likadzafika, tisadzayang'ane suti kapena thumba la munthu, koma tidzafunse ngati amasunga chinsinsi, ngati amafika pamaliro a osauka monga afikira pa a olemera, ndi ngati angathe kutsutsa mbusa mwaulemu pabwalo ndi kumtchinjiriza kunja kwa bwalo. Ndipo abale ndi alongo akadzaloza ife, tidzavomere, tipemphe kuphunzitsidwa, tiyambe ndi mabanja khumi oyandikana nafe.